Manambala a patebulo la poker: njira zowawerengera, ndi pulogalamu yoyenera ndalama zanu

Munthu amene amasewera bawo ndi mnzake yemweyo madzulo aliwonse safuna kope. Amadziwa kuti bamboyu akapanikizika amathamangira kudya, ndipo akakhala chete nthawi yaitali ndiye kuti waona njira. Pa poker ya pa intaneti mwayi umenewo palibe. Woyang'anizana naye ndi dzina lopeka ndi kachithunzi, mwina ali ku São Paulo, mwina ku Minsk. Tebulo limodzi limagawa makhadi maulendo 60 kapena kuposa pa ola, pamene patebulo la m'kasino maulendo 30 ndi ambiri kale. Mukatsegula matebulo anayi, mutu sungasunge kuti ndani anachita chiyani.

Mapulogalamu olondoloza masewera anabwera kudzagwira ntchito yokumbukirayo. Makhadi akagawidwa mpaka wina atatenga mulu wa ndalama wapakati, umenewo ndi ulendo umodzi, ndipo osewera amautcha hand. Ulendo ukatha, webusaiti imalemba kafayilo pa kompyuta yanu kofotokoza amene anabetcha, amene anakweza, amene anangotsatira ndi amene anataya makhadi. Pulogalamu imatola timafayilo timeneti, kutithira m'nkhokwe yake, n'kuwerengetsa. Zotsatira mungazione pawiri: pa kabokosi koyandama pambali pa dzina la wosewera aliyense, kotchedwa HUD, kapena m'malipoti amene mumatsegula matebulo mutatseka. Ambiri amagulira kabokosiko. Ine ndimaona kuti chakudya chenicheni chili m'malipotimo.

Poyamba onani kumene mumasewera

Pulogalamu yabwino chotani ndi yachabe ngati webusaiti yanu siilola. Poker ya pa intaneti itafalikira, Chris Moneymaker atapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker mu 2003, pafupifupi paliponse ankalola. Kenako eni mawebusaiti anaona kuti anthu ongosewera pofuna kusangalala, amene ndiwo amabweretsa ndalama, akudyedwa msanga ndi akatswiri okhala ndi manambala, n'kumachoka osabweranso. Bodog inachotsa mayina patebulo mu 2011, ndipo Bovada ndi Ignition zimachitabe chimodzimodzi: kumeneko zonse zimene mwasonkhanitsa za mnzanu zimafa mukangonyamuka pampando. Unibet silola HUD, ndipo wosewera amatha kusintha dzina. Partypoker inaletsa ma HUD mu Juni 2019. GGPoker imakana kabokosi kochokera kunja, m'malo mwake imapereka kakekake kotchedwa Smart HUD ndi malipoti otchedwa PokerCraft. PokerStars imalola, koma mu 2015 inaika malire: kabokosi kazionetsa manambala okha, kasamakugawireni anthu m'magulu, ndipo kasamasinthe kokha potengera mmene ulendo ukuyendera. Malamulo otere amasinthasintha, choncho werengani a webusaiti yanu tsiku limene mukufuna kugula.

Pali anthu ogulitsa mafayilo a maulendo mamiliyoni amene inu simunasewere nawo. Pafupifupi webusaiti iliyonse imaletsa zimenezo, ndipo chilango chake ndi kutsekeredwa akaunti, mwinanso ndalama zili momwemo. Lamulo la dziko limene mukukhala nalonso lili ndi mawu ake. Ku Britain webusaiti iyenera kukhala ndi chiphaso cha Gambling Commission. Ku South Africa poker ya ndalama ya pa intaneti ndi yoletsedwa, ndipo makhoti anatsimikiza zimenezi pa mlandu wa kasino ya pa intaneti yotchedwa Piggs Peak mu 2010 ndi 2011.

Manambala enieniwo

Awiri oyamba amayendera limodzi. VPIP imanena kuti pa maulendo 100 alionse, ndi angati amene munthu anaika ndalama mwa kufuna kwake makhadi atatu oyamba apakati, otchedwa flop, asanatsegulidwe. Ndalama yokakamizidwa yotchedwa blind, imene osewera awiri amaika makhadi asanagawidwe, wina yaikulu wina yaing'ono, siwerengedwa. PFR imanena kuti pa maulendo omwewo ndi angati amene anakweza. Popeza kukweza ndi kuikanso ndalama, PFR singapose VPIP. Osewera amalemba awiriwa motere: 24/20.

Patebulo la anthu 6 la No Limit Hold'em, mtundu wa poker umene aliyense amalandira makhadi awiri ndipo kubetcha kulibe malire, wosewera wozolowera amakhala pakati pa 22 ndi 28 pa VPIP, PFR yake n'kutsikirako pang'ono. Patebulo la anthu 9 manambala amatsika, ndipo 15/12 ndi munthu wabwinobwino, chifukwa odikira kumbuyo kwake ndi ambiri ndipo ma blind amamufika mwa apo ndi apo. Mukapanda kuiuza, pulogalamu ikhoza kusakaniza matebulo amitundu iwiriwa n'kukupatsani nambala ya munthu amene kulibe.

Chofunika kwambiri ndi mpata wa pakati pa awiriwo. Wa 45/8 ndi uja amalowa nyumba iliyonse koma osalankhula: amatsatira ndi makhadi alionse, sakonda kukweza. Ameneyo musamuopseze ndi makhadi opanda kanthu, sataya. Mudikireni muli ndi chinthu, mubetche mokulirapo, ndipo tsiku limene iye wakweza, thawani. Wa 12/10 akudikira makhadi akuluakulu okha, ndiye ma blind ake ndi anu. Wa 55/40 ndi mkuntho. Ali ndi ndalama zopereka, koma pokazitenga mudzanyowa.

Nambala ya 3-bet ndi ya kukweza pamwamba pa munthu amene wakweza kale. Dzinalo linabwera chifukwa blind imawerengedwa ngati kubetcha koyamba, kukweza ngati kwachiwiri. Kuti muimve bwino, kumbukirani kuti makhadi 52 amapereka mitundu 1,326 ya makhadi awiri oyambira. AA, kutanthauza makhadi awiri a A, imabwera m'njira 6, KK 6, QQ 6, AK 16. Zonse pamodzi ndi 34, kutanthauza 2.6 peresenti. Choncho munthu amene 3-bet yake yakhazikika pa 3 peresenti wakuonetsani makhadi ake asanawatsegule, ndipo JJ yanu, yokongola chotero, yatsala kumbuyo. Wa 9 kapena 10 peresenti waphatikizamo ena oopsezera, monga A5 ya mtundu umodzi, ndipo mukamamutayira nthawi zonse akudyerani pang'onopang'ono.

Amene anakweza flop isanatsegulidwe akabetchanso pa flop, kumeneko ndi c-bet, ndipo pali nambala yonena kuti mnzanu amataya kangati akakumana nayo. Apa masamu ake ndi a ku pulayimale. Mulu uli ndi 10, inu mwabetcha 5. Mukuika 5 pangozi kuti mutenge 10, ndiye mnzanu akamataya koposa kamodzi pa katatu, mukupindula ngakhale mutagwira zinyalala. Mukabetcha zofanana ndi mulu wonse, afunika azitaya theka la nthawi. Munthu wotaya 60 peresenti ndi munda. Wotaya 30 peresenti m'siyeni mpaka mutagwira chinthu.

Pa ukali wa wosewera flop itatsegulidwa pali manambala awiri opikisana, ndipo apa ndimasankha mbali. AF imatenga kubetcha ndi kukweza, n'kugawa ndi kutsatira. Kutaya sikuwerengedwa. Zotsatira zake, wamantha amene amataya chilichonse kupatula pamene wagwira makhadi osagonjetseka amatha kuonetsa AF ya 4, chimodzimodzi ndi wamisala wobetcha paliponse. AFq imanena ukaliwo m'maperesenti ndipo imaphatikiza kutaya, choncho imasiyanitsa anthu awiriwa bwinoko. Koma chenjerani, mapulogalamu sawerengetsa nambala imeneyi mofanana: ena amaphatikiza nthawi zimene munthu anangodutsa osabetcha, ena ayi. Nambala 45 ya m'pulogalamu ina si 45 ya m'pulogalamu inzake.

Otsala ofunika ndi WTSD, yonena kuti munthu akaona flop amafika kangati poonetsana makhadi, ndi W$SD, yonena kuti akafika pamenepo amapambana kangati. Wozolowera amakhala pakati pa 25 ndi 30 pa yoyambayo, ndi pafupi ndi 50 pa yachiwiri. Wa WTSD 38 ndi W$SD 42 sakhulupirira aliyense, amalipira kuti aone ndi maso ake. Mulipiritseni.

Nambala yaing'ono imene ambiri saiyang'ana

Pa kabokosi kalikonse pali nambala yonena kuti mwasewera ndi munthuyo maulendo angati. Imeneyo ndiyo imalamulira zina zonse, ndipo pulogalamu iliyonse, yodula kapena yotchipa, imakumana ndi khoma lomweli.

Tengani munthu amene VPIP yake yeniyeni ndi 25. Pakatha maulendo 20, kabokosi kakhoza kuonetsa chilichonse kuyambira pa 5 mpaka 45 popanda chachilendo. Pa maulendo 100 kadzakhala pakati pa 17 ndi 33 nthawi zambiri. Pa maulendo 1,000 m'pamene kamapanikizika pakati pa 22 ndi 28. Ndipo VPIP ndiyo nambala yofulumira kukhwima kuposa zonse, chifukwa pafupifupi ulendo uliwonse umapereka mpata woiyeza. Maulendo 40 amakwana kusiyanitsa wa 60 ndi wa 15. Sakwana kusiyanitsa wa 22 ndi wa 27.

Ya 3-bet imachedwa, chifukwa mpata wake umabwera pokhapokha wina atakweza kale. Munthu amene 3-bet yake yeniyeni ndi 8 peresenti, mutamuona pa mipata 30, pali mwayi wa 8 pa 100 woti kabokosi kaonetse ziro. Ine ndinatayapo QQ chifukwa cha ziro wotere, ndikudzitamanda kuti ndawerenga munthu. Patapita milungu ingapo nambala yake inakwera n'kufika poonetsa kuti anali mmodzi wa okweza kwambiri pamatebulo amenewo. Tsiku lija anangokhala asanalandire makhadi.

Za pa turn ndi pa river, makhadi achinayi ndi achisanu apakati, n'zochedwa koposa. Kuti munthu afike pokweza pa river, ayenera kuti analowa, anaona flop, anapirira pa turn, ndipo wina anabetcha patsogolo pake. Mukhoza kusewera naye maulendo 2,000 n'kupeza mipata yosakwana 20. Nambala yotere imaoneka yaulemu, ili ndi kadontho ndi peresenti, koma ndi mphekesera. Pulogalamu iliyonse yabwino imakulolani kuonetsa kuchuluka kwa mipata pambali pa nambala, kapena kuizimiritsa mtundu mpaka itakwanira. Chimenecho chikhale choyamba kukonza mukangoiika pa kompyuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maso ndi zolemba, kapena kabokosi

Njira yakale kwambiri siifuna pulogalamu. Pafupifupi webusaiti iliyonse imalola kulemba mawu pa dzina la wosewera ndi kumupaka mtundu. N'zaulere, palibe amene amaletsa, ndipo zimatheka ngakhale pa foni. Mphamvu yake ili pa makhadi amene mwaona ndi maso. Mukalemba kuti "anatsatira 3-bet ndi J4, anafika nayo mpaka pa river", mwadziwa za munthuyo zimene maulendo 200 a manambala sakanakuuzani. Kufooka kwake ndi mtima wa munthu: timakumbukira ulendo umene unatipweteka, n'kuiwala maulendo 50 amene munthu yemweyo anataya mwakachetechete. Ndipo matebulo akaposa awiri, cholembera chimatsalira.

Manambala operekedwa ndi webusaiti yeniyeniyo, monga a GGPoker, ali pakatikati. Simulipira, simuswa lamulo, ndipo aliyense patebulo akuona zofanana, kutanthauza kuti simukuposa wina ndi chida koma ndi kawerengedwe. Ndi ochepa, ndipo simungawasinthe mmene mukufunira. Komabe PokerCraft imalola kukopera maulendo anu, mayina a anzanu atabisidwa, n'kuwathira m'pulogalamu yanu kuti mudziyeze nokha.

Kabokosi kakang'ono ndi kamene ndingauze aliyense woyamba: kuchuluka kwa maulendo, VPIP, PFR, 3-bet, basi. Mukazolowera muonjezere kutaya pa c-bet ndi WTSD. Ntchito yake si kukuuzani chochita pa ulendo uno, koma kukuuzani mtundu wa munthu, ndiponso tebulo loti mukhalepo. Tebulo la anthu asanu a 23/19 ndi ntchito yolemetsa ya malipiro ochepa. Pakakhala mmodzi wa 50/10, makamaka ali kudzanja lanu lamanja kuti azilankhula inu musanalankhule, khalani pomwepo.

Kabokosi kakakulu, ka manambala 30 kapena 40 ndi timawindo totseguka mukaloza, kali ndi eni ake. Ndi anthu osewera ndalama zokwera, kumene osewera ndi ochepa ndipo amakumana okhaokha tsiku ndi tsiku mpaka maulendo masauzande ambiri. Kwa iwo kudziwa kuti uje amataya kangati ali pa blind yaikulu wina akakweza ali pa batani, mpando wolankhula pomaliza flop itatsegulidwa, ndi ndalama zenizeni. Pa ndalama zing'onozing'ono, kumene osewera ndi khamu ndipo ambiri simudzawaonanso, kabokosi kotere kamangodzaza sikirini ndi mphekesera zamitundumitundu. Choipa china n'chakuti munthu akafuna kutsatira, pa manambala 40 sangalephere kupeza imodzi yomuvomereza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'mipikisano vutoli limakula. Munthu yemweyo amasewera mosiyana akakhala ndi tchipisi zokwana ma blind 100 ndi pamene watsala ndi 12, ndipo matebulo amasweka musanamudziwe. Ngati mumasewera mipikisano, lekanitsani manambala potengera kukula kwa tchipisi zimene munthu anali nazo, apo ayi mukhulupirire VPIP ndi PFR zokha.

Wosewera amene muli ndi maulendo ake ambiri

M'nkhokwe yanu muli munthu mmodzi yekha amene analipo pa ulendo uliwonse, ndipo makhadi ake onse amadziwika. Ndi inuyo. Za mnzanu muli ndi maulendo 150, zanu muli ndi 40,000. N'chifukwa chake ndimati phindu lili m'malipoti.

Lipoti loyamba kutsegula ndi la mipando. Kupindula kumayezedwa ndi bb/100, kutanthauza ma blind aakulu amene mumapeza pa maulendo 100. Pa batani, pamene mumalankhula pomaliza, payenera kukhala popindulitsa kwambiri. Pa ma blind pafupifupi aliyense amaluza, ndipo zisakudetseni nkhawa musanayerekeze: mutati muzitaya nthawi zonse muli pa blind yaikulu mungaluze 100 bb/100, pa yaing'ono 50. Choncho kuluza 30 pa blind yaikulu ndi ntchito yabwino, pamene kuluza 70 ndi chizindikiro chakuti penapake pakudontha. Mukatero sefani maulendo amene munangotsatira wina atakweza, muone ngati gulu limenelo likukupatsani kapena likukudyerani. Ambiri amadzidzimuka pamenepo.

Pa galafu pamakhala mizere ingapo. Wobiriwira ndi ndalama zonse, wabuluu ndi zimene munapeza poonetsana makhadi, wofiira ndi zimene munapeza kapena kuluza popanda kuonetsana. Palinso wina woonetsa zimene mukanapeza pa maulendo amene munaika tchipisi zonse makhadi asanathe, mwayi ukanagawidwa mwachilungamo. Mzere wofiira wotsika pang'ono si matenda pa ndalama zing'onozing'ono, kumene anthu sataya. Ukamatsetsereka ngati njira yotsika phiri, ndiye kuti mukusiyira anzanu milu yambiri. Koma ndaona anthu akuwononga masewera abwino pofuna kungowongola mzere wofiira, wobiriwira n'kugwa.

Nambala ya bb/100 nayo ili ndi bodza lake, ndipo ndi lalikulu kuposa ena onse. Patebulo la anthu 6, kusinthasintha kwa zotsatira, kumene mapulogalamu amalemba kuti standard deviation, kumakhala pakati pa 80 ndi 100 bb/100. Titenge 90. Munthu amene luso lake lenileni ndi lopeza 5 bb/100, pakatha maulendo 10,000 ali ndi mwayi wa pafupifupi 29 pa 100 wokhala ataluza. Ngakhale pa maulendo 100,000, nambala imene akuona ikhoza kusiyana ndi yeniyeni ndi 5 kapena 6 mbali iliyonse. Kutembenuza kwake n'koopsa kwambiri: woluza weniweni amatha kukhala mwezi wathunthu galafu ikukwera, n'kuyamba kuganiza zosiya ntchito. Muyang'anenso ndalama imene webusaiti imadula pa mulu uliwonse, yotchedwa rake, kawirikawiri pafupifupi 5 peresenti mpaka pa malire ena. Lipoti lake limaonetsa kuti amene amadya mosaphonya patebulo ndi mwini nyumba.

Njira ina yotulukira m'malipoti momwemo ndi kuphatikiza anzanu onse ngati munthu mmodzi. Simungadziwe mmene uje amasewerera pa river, koma mukasonkhanitsa osewera onse a pamlingo wanu, mukhoza kuona kuti akakweza pa river amakhala atagwira chiyani. Yankho limenelo limagwira ntchito ngakhale kwa mlendo amene mwangokumana naye.

Kuti nkhokwe zikaphatikizidwa zimaona patali, nkhani ya webusaiti ya Absolute Poker mu 2007 ndi umboni. Osewera anaona maakaunti ena akupambana mopitirira muyeso uku akulowa pafupifupi ulendo uliwonse. Atasonkhanitsa zolembedwa zawo, anapeza kuti pa river maakauntiwo sankangotsatira ayi: ankakweza kapena kutaya. Munthu amatsatira chifukwa chokayika, ndipo woona makhadi a anzake sakayika. Zinadziwika kuti munthu wam'kati ankaonadi makhadi a aliyense, dzina lotchuka pa nkhaniyi linali POTRIPPER, ndipo bungwe lopereka ziphaso la Kahnawake Gaming Commission linalipiritsa kampaniyo madola 500,000 mu 2008. Chinawagwira ndi AF yomwe ija ndainyoza pamwambapa.

Mapulogalamu ake

PokerTracker ndi yakale pa onse, inayamba mu 2001, ndipo PokerTracker 4 inatuluka mu 2012. Imayenda pa Windows ndi pa Mac, ndipo imasunga zinthu m'nkhokwe ya PostgreSQL imene imaikidwa pamodzi nayo. Maonekedwe ake ndi achikale, koma pa malipoti ndi kusefa ndi yozama: mukhoza kupanga nambala yanuyanu, ndipo ili ndi NoteTracker yolemba yokha zimene anthu anachita ndi LeakTracker yoyerekeza manambala anu ndi a osewera opindula. Sabata yoyamba mudzasochera m'menemo.

Hold'em Manager inabwera mu 2007 ngati mpikisano wake, koma makampani awiriwa anaphatikizana mu 2014 pansi pa Max Value Software, choncho mkangano wakale wakuti yabwino ndi iti watsala wa ana a nyumba imodzi. Hold'em Manager 3, ya mu 2019, ndi ya Windows yokha, siifuna PostgreSQL, ndipo imaonetsa zinthu mwa zithunzi zosavuta kumva, monga tsamba limodzi losonkhanitsa zonse za 3-bet kapena za c-bet. Munthu wosakonda matebulo a manambala adzaipeza yofewa. Onse awiri ali ndi nthawi yoyesa ulere ndiponso mtundu wotsika mtengo wa osewera ndalama zing'onozing'ono. Ikani onse, muthiremo maulendo omwewo, musunge imene maso anu agwirizana nayo. Pa manambala amene tafotokoza, palibe imene ingakuuzeni zoona zoposa inzake.

Hand2Note ndi ya mtundu wina. Imathamanga ngakhale nkhokwe itakula kwambiri, kabokosi kake kamatha kusintha potengera mpando ndi mmene zinthu zilili, imalekanitsa mmene munthu amasewerera ndi akatswiri ndi mmene amasewerera ndi ofooka, ndipo pansi pa nambala imaonetsa makhadi enieni amene munthuyo anatsegula pamene anachita zimenezo. Pophunzira khamu lonse la osewera ndi yamphamvu kwambiri. Koma zabwino zake zambiri n'zolipira mwezi ndi mwezi, kuiphunzira kumatenga nthawi, ndipo kusinthasintha kwa kabokosi kuja ndi kumene PokerStars inaletsa. Ndi chida cha munthu amene poker ndi ntchito yake.

Poker Copilot inayambira pa Mac ndipo imakopa ndi kuphweka: mwaika, yapeza mafayilo, kabokosi kaoneka. DriveHUD ndi ya Windows, ya maonekedwe amakono, ndipo imakondedwa ndi osewera pa mawebusaiti a ku America obisa mayina aja. Awiriwa sazama ngati atatu oyambawo, koma kwa munthu wofuna manambala anayi ndi galafu, akukwana.

Mitengo ya mapulogalamuwa ndi ya madola, ndipo amene amalandira makwacha amadziwa mmene kulipira kwa mwezi ndi mwezi kumawawira. Werengetsani musanagule. Pa matebulo otsikitsitsa, a blind ya senti imodzi ndi masenti awiri, kupeza 5 bb/100 ndi masenti 10 pa maulendo 100, kapena madola 10 pa maulendo 10,000. Pulogalamu ya madola 60, mwachitsanzo, ingadye phindu la maulendo 60,000, ndipo pamenepo tikunena munthu amene akupinduladi. Wosewera tebulo limodzi kapena awiri Loweruka madzulo akhale ndi zolemba ndi mitundu, ndipo nthawi yoyesa ulere aigwiritse ntchito pothiramo maulendo ake onse akale kuti aone lipoti la mipando. Amene wafika pa matebulo anayi, masiku angapo pa sabata, pa webusaiti yolola HUD, agule PokerTracker 4 ngati ali pa Mac kapena amakonda kufukula, Hold'em Manager 3 ngati akufuna zoonekeratu. Hand2Note idikire mpaka mayina a patebulo atayamba kubwerezabwereza, ndipo nambala yaing'ono ya maulendo ija itayamba kufika m'masauzande.